Mmene ndinagwetsera nyumba ya mana Rozalina

Mutu wangawu unametedwapo pachabe, abale anga, pachabe penipeni, ndipo woitanitsa lumo ndinali ndekha. Kulemba sindikudziwa bwino (shikola ndinangoinunkhiza pakhomo), koma nkhani iyi ndiilemba ngakhale mizere ikhote, pakuti amene ndinkaseka nawo nkhaniyi anapita.

Ndikunena mana Rozalina, akulu anga, bere limodzi, iwo patsogolo ine pambuyo. Akalowa m'bwalo la chimtali, ng'oma ndiyo inkawatsata iwo. Ana anabereka asanu, analeranso atatu a eni ake, ndipo dzungu limodzi ankaligawa mpaka aliyense anyambite chala. Koma chimene ankachikonda ngati khanda ndi nyumba yawo. Chaka ndi chaka, mvula ikatha, ankayenda tsiku lathunthu kukakumba dothi loyera, lofiira ankatapa kudambo, lakuda ankalipera ndi makala. Ankazira khoma lonse ndi manja, n'kujambulapo nkhanga. Nkhanga zazikulu, nkhanga zazing'ono, iliyonse ndi dzina la mwana. Anthu a ku Mualadzi akamadutsa ankatsika njinga kuti aziwerenge.

Nkhondo itafika kwathu kuno ku Chifunde, tinaphunzira kulima khutu lili kunjira. Tsiku lina mmawa mfuti zinalira tsidya la mtsinje, tonse liwiro la kuphiri. Mana anafikitsa ana awo pamwamba, anawawerenga kawiri, kenako anandikankhira.

"Iwe, ndisungire anawa. Filomena mwezi wake ndi uno, ndipo kwa apongozi ake ku Nsadzo kulibe womugwira dzanja."

Filomena ndiye mwana wawo woyamba, anatengedwa chitengwa.

Ndinati, "Mana, mfutizi simukuzimva?"

Anati, "Ndikuzimva. Nayenso akuzimva."

Anamanga kapulana yawo yobiriwira m'chiuno, n'kutsetsereka.

Patatha masiku anayi tinatsika. Nkhokwe zina zinali phulusa, koma nyumba ya nkhanga inali chilili. Sabata inatha, mana osabwera. Yachiwiri inatha, mana osabwera. Ndiye ndinapita padooko, pamene timawolokera popita ku Nsadzo, ndipo pabango ndinaona kapulana yobiriwira ija, youma gwa ndi magazi. (Nthenga zinaliponso, ndivomere, ndinaziona ndi maso awa. Koma munthu amene wayamba kale kulira sayang'ana nthenga.) Ndinauyamba maliro pomwepo, moti mudzi unamva uthenga ine ndisanafike.

Amuna awo a mana, alamu anga a Benedito, anali munthu wofatsa, woluka mphasa, wolankhula kamodzi pa tsiku. Anaitembenuza nsalu ija nati, "Alamu, nsalu si munthu. Tidikire."

Ndinati, "Tidikire chiyani? Mzimu wosaliridwa umabwerera ana. Mukufuna anawa adwale?"

Amalume anali atathawira ku Zambia, akatekisita nawonso anatsata njira yomweyo. Wamkulu wotsala pa mbumba yathu ndinali ine, ndipo ukulu unandikoma ngati uchi wa m'phanga.

Ndinaitana adzukulu. Anadula thunthu la nthochi, analikulunga ndi kapulana ija, tinakaika kumanda a makolo. Ndinapeka nyimbo ya maliro, yaitali, yotchula chimtali chawo, ana awo, nkhanga zawo imodziimodzi, mpaka amuna omwe ankapukuta m'maso. Pometa, woyamba kupereka mutu ndinali ine.

Zikanathera pamenepo bwenzi zili bwinoko. Koma mowa wa maliro umene anthu amadikira chaka, ine ndinaufulula mwezi wachitatu, ndi timawere totsala, ndikuti nkhondo sidikira munthu. Pa mowa womwewo, titametanso kachiwiri, ndinawasudzula alamu anga, kuwauza kuti ukwati watha, ndi omasuka kubwerera kwawo. Anapinda mphasa yawo, anakoleka nkhwangwa paphewa, anasisita ana pamutu, nati, "Alamu, mwafulumira." Tinagawa katundu. Kapulana yawo ya pa Pasaka, yofiira ya maluwa, inagwera kwa ine (wogawa ndinali ine ndemwe, musafunse zambiri).

Kunatsala nyumba. Mwambo wathu umati mwini akapita, nyumba imagwetsedwa. Amayi a m'mudzi anandidandaulira kuti, "Iyi yokha tiisiye, chifukwa cha nkhangazi." Ndinakana. Ndinkati ndi mwambo, koma zoona zake ndi izi: ndikadutsa pamenepo ndinkaona zala za mana pakhoma, mtima n'kumandithawa. Ndinatenga munsi, n'kumenya khoma koyamba ndine. Nkhanga zinagwa fumbi lili kobo.

Mwezi wachisanu, dzuwa lili paliwombo, ndikusinja chimanga nditavala kapulana yofiira ija, ndinamva munthu akuimba chimtali kunjira. Mawu aja ndinawadziwa miyendo isanadziwe. Anatulukira mayi wowonda, khanda kumsana, Filomena akutsata pambuyo ndi mtolo. Anzanga osinja nawo anamwazika ngati nkhuku zoona kabawi. Ine ndinati ndithawe, kapulana n'kundikola, ndinagwa chafufumimba pa mulu wa zibuma.

Anaima pamutu panga.

"Dzuka. Ukundidetsera kapulana."

"Mana, ndinu amoyo?"

"Unamuonapo mzukwa wobereka mwana kumsana?" Anandiyang'ana mutu, tsitsi lili timinga. "Wamwalira ndani?"

"Inuyo."

"Ndinamwalira ndi chiyani?"

"Magazi, mana. Pa kapulana yanu, padooko."

Anayamba kuseka, kuseka mpaka khanda linadzidzimuka. Anati potsika phiri anakumana ndi tambala wawo akuyendayenda m'tchire. Masiku amenewo tambala anali mdani, akalira amaulula pamene anthu abisala. Anamugwira, anamudula khosi padooko, anamukulunga m'nsalu kuti Filomena akamwe msuzi akachira. Ali mkati momusosola, mfuti zinaliranso pafupi, anatola nyama n'kusiya nsalu. Filomena anachirira m'tchire, anawolokera naye ku Zambia, n'kudikira kuti khanda lilimbe khosi.

"Ndiye mudzi wonse wameta chifukwa cha tambala wanga? Nanga amuna anga a Phiri ali kuti, adzaone mdzukulu?"

"Tinawasudzula."

"Mwatani?"

Sanadikire yankho. Anatembenuka kufuna khomo lawo, maso awo anazungulira, anazungulira, n'kudzagwera pa mulu umene ndinagonapo ine. Kuseka kunathera pomwepo. Anawerama, anatola kachibuma kokhala ndi timadontho toyera, anakayang'ana nthawi yaitali. Ana awo anabwera akuthamanga, anawakumbatira onse, n'kulowa nawo m'nyumba mwanga osandiyang'ana.

Masiku atatu sanandilankhule. Tinkadya mbale imodzi, koma mchere ankapempha kudzera kwa Filomena. Mfuti ndinazimva zambiri m'moyo wanga, koma palibe inandiopsa ngati chete wa mana. Ndinkaganiza kuti ndawapeza kuti ndiwatayenso, ulendo uno ndi dzanja langa.

Tsiku lachinayi anandipeza pamtondo.

"Iwe, anawa unkawadyetsa chiyani?"

"Chimene chapezeka, mana. Zikhawo, matowo, nthawi zina mbewa."

"Ndawapeza onse asanu ndi awiri, palibe wotupa mimba. Iwe ndiye watsala mafupa." Analoza mulu wa zibuma uja. "Khoma ndi dothi. Mawa upite ukatenge alamu ako. Ukabwerako, kumene kuli dothi loyera ukukudziwa."

Ndinayenda wapansi mpaka kufupi ndi Mualadzi, duku nditamanga mpaka m'maso. Alamu ndinawapeza pansi pa mtengo akuluka mphasa. Ndinagwada patali.

"Alamu, akazi anu abwera."

Sanatukule mutu. "Ulendo uno mwaona nkhope, kapena nsalu?"

"Nkhope, alamu. Yanditukwana kale."

Anamaliza mzere umene ankaluka, osathamanga, kenako anapinda mphasa. Panjira ndinawamva akuimba chapansipansi, munthu amene sindinamumvepo akuimba ngakhale m'tchalitchi.

Dothi ndinasenza, ndinasenza, khosi mpaka linalowa m'mapewa. Pozira khoma la nyumba yatsopano mana anati, "Akuti unandiimbira nyimbo yabwino. Imba ndimve, anthu ena samva zawo." Ndinaimba ndi manyazi. Anamvetsera mpaka kumapeto, anapukuta m'maso ndi mkono wamatope, nati, "Yakoma, koma ikuchedwa." Anaifulumizitsa ndi m'manja, anaisandutsa ya chimtali, n'kuvina maliro awo omwe pakati pa matope.

Nyumba imeneyo sinathe chaka, anaitentha a mfuti, tonse tinathawira ku Zambia. Mtendere utabwera anamanga ina, nkhanga zinachuluka, pakuti tsopano zidzukulu nazo zinafuna zawo. Anavina mpaka mawondo anakana, atakana ankavina ndi mapewa atakhala pamphasa.

Tsiku limene anapitadi, ali nkhalamba, amayi onse anayang'ana ine kuti ndiyambe kulira, poti mng'ono wawo ndine. Ine ndinakhala duu. Anthu anayamba kunong'onezana kuti agogowa auma mtima. Ndinalowa m'nyumba, ndinavundukula nsalu, ndinaona nkhope. Ndinawagwira phazi n'kuligwedeza, ndikuti, "Mana, ulendo uno ndiyambe ndafunsa. Ndilire?"

Ndinadikira nthawi yaitali ndithu. Kufulumira sindinasiye, zidzukulu zanga zingakuuzeni, mpaka lero ndimaphula mbatata zisanapse. Koma tsiku lokhalo ndinadikira, ndikupempha Mulungu kuti ndikhale nditalakwitsanso.