Kankhalamba ka Chule Paphewa

Lolemba
Ndikufuna singano yosokera ziguduli m'jekete ya malemu bambo, ndikupeza kankhalamba kawo! Kosema, kukula ngati chala chachikulu, kakuseka, chule paphewa, timabowo tiwiri kumsana. Anawapatsa ndi mphunzitsi wa ku Japan amene ankamuphikira ku Nkhamenya. Mphunzitsiyo ankati kankhalambako ndi mkulu wa kumapiri amene safa. Bambo ankapisa chingwe m'timabowomo n'kukolekera kathumba ka fodya palamba. Kakununkhabe iwowo. Ndalira pang'ono. Ndikavala sabata yonse, monga ankatchenera iwo.

Lachiwiri
Mayi a kunyumba: "Chule m'chiuno? Inuyo adikoni athunthu?" Ndikufotokoza za Japan. Akundiyang'ana ngati ndalawa.

Lachitatu
Kunazale anthu akupatsa moni lamba, osati ine. Pofika madzulo mbiri ili kale ku Kapelula: ati ndili ndi chithumwa chokokera makuponi a feteleza.

Lachinayi
Alendo pakhomo: matenanti awiri a kuesiteti, alamu, ndi mayi wina wosamudziwa atanyamula nkhuku. Onse akufuna kungokakhudza. Alamu akanong'oneza dzina lawo kukhutu, n'kubwerezanso kwa chuleyo! Bambo akanaseka mpaka kutsamwa.

Lachisanu
Akulu a mpingo atatu. Tiyi sakumukhudza. "Mbale, chule ameneyu timumve bwanji?" Chigamulo: ndikatenthe Lamulungu anthu akuona, apo ayi ndiime pa mgonero. Za bambo zatsala ziwiri zokha, kameneka ndi jekete yodyedwa ndi njenjete. Mtima ukuwawa zedi.

Loweruka
Kusukulu akuitana mayina a makuponi. Dzuwa likuswa mtengo. Nanenso ndakanong'oneza, mwakachetechete. Akulu a mpingo onse atatu alandira. Matenanti ayi. Alamu ayi. Ine zii! Mayi uja akufuna nkhuku yake, chonsecho mayi a kunyumba anaikazinga kale dzana.

Lamulungu
Ndafika kutchalitchi ndi machesi m'thumba. Akulu a mpingo akungoseka. "Chithumwa chanji chomana mwini wake? Kasungeni kachidole kanuko." Mlandu wathera pomwepo.

Feteleza palibe. Chaka chino ndi manyowa, monga ankalimira bambo. Ndili ndi ngongole ya nkhuku. Kankhalamba ndakabwezera m'jekete muja, kakusekabe, chule ali phee paphewa. Mphunzitsi uja sananame, iko sikafa. Koma akanatipatsako kena ka nkhope ya bambo, kuti nawonso asafe.