Invata ya Dokotala wa Mano

Pulani inabadwira kuseri kwa bala, Lachiwiri masana, nthawi imene anthu oopa Mulungu amakhala ali ku ntchito. Analipo atatu, botolo lili pakati pawo ngati wodwala amene abwera kudzamuzonda.

Wamkulu wawo ankamutcha Cheya, ngakhale panalibe wokumbuka chisankho chimene chinamuika pampando. Wachiwiri anali Injiniya, amene anagwirirapo makwerero munthu wokonza magetsi kwa masabata awiri, mpaka tsiku limene anawasiya kuti ayankhe foni bwana wake ali pamwamba. Wachitatu anali Matayala, dalaivala wa thupi la njovu ndi mtima wa nkhuku, amene phindu lake m'gululi linali lakuti mlamu wake anali ndi kagalimoto konyamulira katundu.

"Anzathu amaba usiku, n'chifukwa chake amagwidwa," anatero Cheya. "Usiku aliyense amakayikira mnzake. Koma masana ukavala ovolosi n'kunyamula kachikwama ka zitsulo, amakutsegulira okha n'kukufunsa kuti tiyi umamwa wa masupuni angati."

Nyumba imene ankafuna kukabamo inali ya dokotala wa mano, mayi wina wosaseka ndi anthu, kumapeto kwa msewu wa mipanda italiitali. Magetsi akathima dera lonse, nyumba imeneyo yokha inkangowala ngati sinamve uthenga.

"Mbuli zimaona mapanelo a sola padenga n'kumati chuma ndi chimenecho," anatero Injiniya, akujambula patebulo ndi chala chonyowa. "Mapanelo ndi zipewa chabe. Mwini nkhani ndi kabokosi koyera kali m'galaja, invata. Kamatenga moto wa dzuwa, kamatenga wa kampani ya magetsi, n'kuukwatitsa. Wotsala kamabweza ku mawaya a mumsewu, kampani n'kumathokoza."

"Ndiye tikakatenga?" anafunsa Matayala.

"Tikakaika kwa Cheya. Mzere wonse uzigula magetsi kwa ife. Ometa, owotcherera, otchaja mafoni."

"Popanda mapanelo?"

"Aise, dzuwa ndi lomweli. Tizikaika pawindo."

Cheya anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva sayansi yeniyeni, n'kuitanitsa botolo lina.

Lachinayi cha m'ma teni, dokotala atapita kukazula mano a anthu, kagalimoto kanaima pageti. Atatuwo anali m'maovolosi abuluu. Ya Matayala sinkatsekeka pamimba, ndipo Injiniya anali atapachika pensulo kukhutu kuti aoneke wophunzira.

Anawayankha ndi bambo ake a dokotala, mkulu wopuma ntchito ku positi ofesi, amene ankakhala yekha tsiku lonse ndipo anali ndi njala ya munthu wocheza naye.

"Tabwera kudzayeza invata, madala," anatero Cheya. "Ya pachaka."

"Mwachita bwino," anatero mkuluyo. Anadina limoti, geti lachitsulo n'kuyenda lokha mwaulemu. Kagalimoto katalowa anadinanso, geti n'kubwerera mpaka linati khoo.

Cheya anatsinzinira anzake. Zinali kuyenda ngati mafuta.

M'galaja invata inali pakhoma, yoyera, ikung'ung'uza pang'onopang'ono, pansi pake pali mabatire awiri. Mkuluyo anakoka mpando n'kukhala pomwepo kuti aonerere. Anawafotokozera za bondo lake, za mitengo ya masitampa kale, ndi za mkamwini wake amene sadziwa ngakhale kusintha babu. Injiniya anathimitsa maswitchi onse amene anawaona, n'kuyamba kumasula mawaya mmodzimmodzi, akuwaponya kumbuyo ngati akusosola nkhuku.

"Simukulemba kuti uyu wachoka pati?" anafunsa mkuluyo.

"Zili m'mutu, madala."

Invata inasiya kung'ung'uza. M'nyumba wailesi inaduka pakati pa mawu, ndipo fuliji inapuma mpweya womaliza. Injiniya ndi Matayala ananyamula bokosilo, lolemera ngati mwana wa ng'ombe, n'kuligoneka m'galimoto.

"Ili ndi kachifuwa pang'ono," anatero Cheya. "Tikaionere ku ofesi. Titsegulireni."

Mkuluyo anadina limoti. Geti silinasunthe. Anadinanso, anaigogoda pachikhatho, anailozetsa kumwamba. Zii.

"Getili limayendera magetsi," anatero. "Ndipo magetsi onse a nyumba ino, a dzuwa ndi a kampani omwe, amadutsira m'bokosi lanulo. Ndimayesa amisiri mukudziwa."

Cheya anayang'ana Injiniya. Injiniya anayang'ana pensulo yake.

"Palibe kiyi wotsegulira pamanja?"

"Alipo. Ali pa makiyi a mwana wanga, ku chipatala."

Matayala anakankha geti ndi phewa mpaka ovolosi inang'ambika kumsana. Geti linali ngati lamera mizu. Injiniya ananong'oneza kuti angolumpha mpanda, koma Matayala analoza chitseko cha galimoto, pamene panalembedwa ndi penti wofiira dzina la mlamu wake ndi nambala ya foni.

"Ndikaisiya muno, bola apolisi," anatero. "Apolisi ali ndi malamulo. Mlamu wanga alibe."

Apa ndi pamene mkuluyo anagwira kumutu n'kuthamangira kukachipinda ka kuseri kwa khitchini, bondo ataliiwala. Anabwerako nkhope itasintha. M'kachipindamo munali makina ofungatira mazira, ndipo m'makinamo munali mazira makumi anayi a nkhuku zamtundu, amene iye anawasamalira masiku makumi awiri. Ankayenera kuswa mawa lake. Tsopano makinawo anali kuzizira.

"Chiyambireni kupuma ntchito, chinthu chimene ndapanga ndekha ndi chimenechi," anatero. Mawu ake sanalinso a munthu wocheza. "Iwe wonenepawe, vula ovolosi mpaka m'chiuno. Khala apa."

Matayala anali asanakanepo munthu wolankhula ndi mawu otere. Anamukhazika padzuwa pa mpando wa pulasitiki, anam'pisira malaya m'thalauza, n'kumuthira mazira m'kati mwa malayamo limodzilimodzi mpaka mimba inaoneka ya mapasa. Anayi otsala anamuika kukhwapa, awiri uku awiri uku, n'kumufunditsa bulangete.

"Usatsokomole," anatero mkuluyo.

Nthawi yomweyo, kutali ndi nyumbayo, mayi wina amene anaika sola imeneyi anamva foni yake ikulira. Invata iliyonse imene anaika inkamutumizira uthenga ikadwala, ndipo iyi inali itangoti zii dzuwa lili paliwombo. Anaimbira dokotala. Dokotala, dzanja lili m'kamwa mwa munthu, anati sanaitane aliyense. Mphindi makumi awiri zisanathe, kunja kwa geti kunaima galimoto ya mayi wa sola ndi ya apolisi.

"Inu muli m'katimo, tsegulani," anatero sajeni, akugogoda ndi ndodo.

"Tikanakonda, bwana," anayankha Cheya, n'kuzindikira mochedwa kuti wayankha.

Sajeni anayang'ana mpanda, n'kuyang'ana mimba yake. Anati boma silinamulembe ntchito yokwera mipanda. Anaimbira dokotala za kiyi, koma dokotala anati ali pakati pozula dzino la kumapeto ndipo sangamusiye munthu ali kukamwa yasa. Choncho apolisi sakanatha kulowa, mbava sizikanatha kutuluka, ndipo anthu oyandikana nawo anayamba kubwera ndi mipando.

Cheya anakokera mkuluyo pambali. "Madala, kunena zoona ife si amisiri kwenikweni."

"Ndinaona pamene mnzakoyu amamasula sikulu ndi mpeni wa buledi," anatero mkuluyo. "Zakuba tikamba mazira akaswa. Bwezerani bokosi."

Mayi wa sola anakwera pamwamba pa galimoto yake, mutu wokha n'kuonekera pa mpanda. "Ndani wamasula invata yanga?"

Injiniya anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Unalemba mawaya?"

"Zinali m'mutu, mayi."

"Zikadalimo?"

"Zatuluka."

Ntchito inayambika. Mayiyo ankalamula ali pampanda, Cheya ankathamanga pakati pa mpanda ndi galaja kupereka uthenga, Injiniya ankamanga. Mkuluyo ankawaunikira ndi tochi kwinaku akuyang'anira Matayala.

"Akuti wofiira apite pa chizindikiro cha mtanda."

"Ofiira alipo atatu."

Cheya anathamanga, n'kubwerako. "Akuti wonenepa ndi wa batire, ndipo akuti ndiwe chitsiru."

"Zonsezo anena iwowo?"

"Chachiwiricho tagwirizana."

Kawiri konse mayiyo anawauza kuti amasule ayambirenso. Ulendo wina anaponyera Cheya foni yake kuti akajambule mawaya, Cheya n'kuibweza pa ndodo ya tsache, ndipo sajeni analemba m'kabuku kake kuti wakuba wabweza foni. Kunja anthu anagawikana, ena akuti aitha, ena akuti ayatsa nyumba. Matayala thukuta linali kamukamu pansi pa bulangete. Ntchentche inam'tera pamphuno, iye n'kumangoipempha ndi maso.

"Cheya," anaitana motsitsa mawu. "Chinachake chikundijompha pamchombo."

"Pirira, aise. Tonse tili pa ntchito."

Patapita maola awiri, mayi wa sola anati ayatse maswitchi motsatana: batire, kenako mapanelo, pomaliza wa kampani. Injiniya anapukuta manja, n'kuyatsa. Kagalasi ka invata kanawala, ndipo panaoneka nambala 60 imene inayamba kutsika.

"Ikumvetsera kaye magetsi a mumsewu kuti iyende nawo limodzi," anatero mayiyo. "Ikafika pa ziro, mwakhoza."

Injiniya anayamba kuwerenga mokweza. Cheya anamuthandiza. Anthu kunja anamva nawonso n'kulowerera, ngakhale wapolisi mmodzi. Teni, naini, eyiti. Pa ziro invata inati tsekete, kanyali kobiriwira kanayaka, fuliji inadzuka, wailesi inapitiriza nkhani. Cheya ndi Injiniya anakumbatirana akulumphalumpha. Injiniya misozi inali m'maso, pakuti chibadwire anali asanakonzepo chinthu n'kuyaka.

Akadali chikumbatirane, mkuluyo anadina limoti. Geti linayenda lokha mwaulemu, apolisi n'kulowa akuyenda pang'onopang'ono ngati alendo oitanidwa.

Mayi wa sola anapita m'galaja, anakoka waya uliwonse, n'kunena kuti ntchito si yoipa kwenikweni. Injiniya anafunsa ngati angamulembere kalata ya umboni. Unyolo unali utalowa kale m'manja.

Sajeni anafika pa Matayala. "Imirira. Manja m'mwamba."

"Bwana, sindingathe."

"Ukukana lamulo?"

Mkuluyo anaima pakati pawo. Anati makina afunika ola lathunthu kuti atenthenso, ndipo munthu uyu sasuntha mpaka nthawiyo. Sajeni anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma pa kolala ya Matayala panatuluka kamutu konyowa, kachikasu, n'kulira kamodzi. Pansi pa bulangete ena awiri anayankha.

Sajeni anavula chipewa n'kukanda mutu. Anatumiza Cheya ndi Injiniya ku galimoto, n'kuuza wapolisi mmodzi kuti akoke mpando akhale pafupi ndi wachitatuyo, ndipo akamaliza kuswa abwere naye ku siteshoni.