Masamu Anga ndi Mpunga wa Apongozi

Anthu akamanditama kuti masamu ndimawatha, ndimangoyang'ana pansi. Sadziwa kuti masamu omwewo ndinaliza nawo banja lonse, ine ndemwe ndili momwemo.

Masiku a Chitaganya ndinagwirapo ganyu ku Zomba, yonyamulira chingwe mzungu wina woyeza minda. Iyeyo ndiye anandiuza za nzeru yatsopano imene akatswiri a masamu anali atangoitulukira ku India. Akuti palibe chifukwa chodikira kukolola kuti udziwe zimene munda wabereka. Umatsinzina nkuponya ndodo m'mundamo. Pamene yagwerapo umazinga kachigawo ndi chingwe, kudula mpunga wapamenepo, kuuyeza, kenako kuchulukitsa ndi kukula kwa munda wonse. Anatsindika kuti wosankha malo ikhale ndodo, osati iwe. (Anatinso uyenera kuyeza malo ambiri, koma apa nkuti mtima wanga uli pa nkhomaliro.)

Ganyu atatha ndinakwatira kwa Kuntumanji, m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, nkukhala pachikamwini. Kupalasa bwato sindinkatha, khasu linkandichita matuza. Chuma changa chinali chingwe, pensulo ndi nsapato zoyera zansalu. Apongozi anga aamuna, munthu wofatsa kwambiri, anali ataferedwa mkazi chaka chapitacho, ndipo mtima wawo wonse unali pa sadaka. Ankafuna kuti malemuwo akumbukiridwe ndi anthu okhuta.

Mpunga utayamba kucha anandiitana.

"Akamwini, ndamva kuti inu mumatha kuwerenga mpunga ukadali m'munda. Tandionerani, ndidziwe owaitana. Sindifuna kuitana anthu kuti adzanyambite mbale."

Ndinavomera asanamalize nkomwe. Uwu unali mwayi woonetsa mudzi wonse kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi chitsiru.

M'mawa mwake ndinalowera kudambo. Mkazi wanga Esinala anali pansanja, akuimba chitini kuingitsa mbalame. Ndinatsinzina bwinobwino nkuponya. Ndodo inakagwera kutali, chakunyanja, kumene matope amalekeza m'mawondo. Ndinavula nsapato, koma ndisanapite patali msundu unandimata pakatumba. Ndinakuwa mpaka mbalame zonse zinabalalika (tsiku lokhalo ndi limene ndinathandizadi ntchito yakumunda).

Nditabwerera kumtunda ndinagamula kuti ndodo ija inangopulumuka m'manja, choncho siiwerengedwa. Ndinathyola ina. Nayonso inalunjika kumatope komwe kuja, ndipo mlandu ndinaupereka kwa mphepo. Pomwe ndinkaponyanso, diso limodzi linali lotsinzina mwaulemu chabe. Ndodo inagwera patsinde pa nsanja, pouma, pamene ngala zinali zitaweramira pansi ndi kulemera.

"Kodi mwabwera kudzayeza mpunga kapena ine?" anafunsa Esinala akuseka.

"Musandisokoneze, mayi, ndili pantchito."

Ndinadula, kupuntha, kuyeza m'chitini, kenako kuchulukitsa, pensulo ili jijirijijiri. Madzulo ndinakauza apongozi kuti nkhokwe idzadzaza, mpunga wina tidzasowa pouika. Nkhope yawo inawala koyamba chimwalirireni mkazi wawo. Anatumiza mawu ku chilumba cha Chisi, ku Songani, mpaka kwa abale a kutsidya kwa Apwitikizi. Kutchalitchi ankandiloza nkumati, "Uyu ndi mwana wanga, ali ndi mutu." Ine nkumayenda chifuwa patsogolo.

Kukolola kutayamba ndi pamene ndinaphunzira chinthu chimene chitini cha Esinala chinkandiuza tsiku lija. Mbalame sizifika pafupi ndi nsanja. Zimakadyera kutali, kumene phokoso silimveka. Chigawo chonse chakunyanja, kumene ndodo zanga zoyamba zinagwera, chinali mankhusu okhaokha. Mpunga wonse sunafike ndi theka lomwe la nkhokwe.

Ndinapita kwa apongozi.

"Bambo, bwanji titumize mawu kuti ena asabwere?"

"Ndiwauze kuti chiyani, akamwini? Kuti mayi aja sakuyeneranso kukumbukiridwa?"

Choncho mawuwo sanatumizidwe.

Tsiku la sadaka mabwato anakocheza motsatizana. Nthawi imeneyo sindinafune kuwerenga chilichonse, koma maso ankawerenga okha: anthu, miphika, anthu, miphika. Dzuwa lisanapendeke miphika inali itakokotedwa, a ku Chisi asanasambe ndi m'manja momwe. Anangokhala pansi pa mtengo wa mango, akuyesetsa kusayang'ana kophikira.

Apongozi analowa m'nyumba mwakachetechete, nkutuluka atanyamula mtsuko womata dothi kukamwa. Esinala atauona anagwira pamtima.

"Bambo, iyayi! Imeneyo ndi mbewu ya amayi!"

Unali mpunga wonunkhira umene malemuwo anabwera nawo kuchokera kwa agogo awo. Chaka chilichonse ankasankha okha ngala zambewu, ndipo m'mudzi monse munalibenso wina amene anali nawo. Chifukwa cha maliro, chaka chimenecho panalibe amene anaufesa. Mtsukowo ndiwo unali wotsiriza.

"Alendo awa ndi a amayi ako," anatero apongozi. "Awaphikire okha."

Esinala ndi azichemwali ake anausinja akulira. Utapsa, fungo linadzaza bwalo lonse. A ku Chisi anadya nkuyamikira kuti sadaka yotere sanaionepo, amvekere mayi aja anali ndi mwamuna wodziwa ulemu. Ine nkuti nditabisala kuseri kwa nkhokwe ija, malo okhawo amene ndinkadziwa kuti palibe angafuneko kanthu.

Apongozi anandipeza konko, mbale ili m'manja. Ndinakonzeka kumva kuti ndilongedze chingwe changa ndizipita kwathu. Kunena zoona ndinkalakalaka atanditukwana, mwina mtima ukanapepukako. Koma anangokhala pansi pambali panga nkundiikira mbaleyo pamwendo.

"Idyani, mwana wanga," anatero. "Uwu simudzaulawanso."

Ndinadya misozi ikugwera m'mbale. Ndipo Mulungu andikhululukire, ndinamaliza wonse.