Nsapato Zopemphera Kawiri

Lolemba

Zomba, ndikubwera!

Dokotala wochokera kusukulu yaukachenjede ya kutsidya kwa nyanja wafika pachipatala chathu cha esiteti ndi mabokosi. Mzungu wamtali, Chinyanja chake cha m'buku. Akufufuza njoka zam'mimba zija zolowera kumapazi, zimene zimamwa magazi a anthu otchola tiyi mpaka m'maso kuyera. Nzeru yake ndi iyi: anthu tiwagawe pawiri. Ena tiwapatse nsapato, azivala potchola. Ena akhale osavala monga kale. Pakapita miyezi tidzaona amene njoka zawachepera. Sabata ino ndi yongoyesa ngati anthu azivaladi. Iye wapita ku Mulanje, abwera Loweruka.

Ndipo ntchitoyo wasiyira ine! Ine wotsuka mabala, amene anthu amanditcha adokotala pokhapokha mzungu akakhala palibe. Akuti zikayenda bwino andipezera malo ku Zomba, kumaphunziro a othandiza madokotala. Mtima ukugunda ngati injini ya kufakitale.

Ndatulutsa m'sutikesi nsapato zanga zakuda zachikopa, zimene ndinagulira ulendo wa ku Zomba womwewo. Mtsogoleri azionetsa chitsanzo. Zakale zija ndapatsa mlamu wanga chifukwa cha chimwemwe.

Masana, kumunda kukayeza mapazi. Tepi palibe, ndiye ndadula bango kumtsinje. Kalanga ine! Anthu angondiona ndi bango, madengu pansi, liwiro. Mayi wina akukuwa m'Chilomwe, wina akufunsa, "Watisiya ndani?" Ndikuti ayi, ndabwera kudzayeza inuyo. Kukuwa kwawonjezeka. Ndinaiwala kuti bango timayezera maliro pokakumba manda.

Ndayesa njira ina: aponde papepala, ndijambule phazi. Zafika poipa. Akuti ndikutapa mapazi awo kuti ndikawalodze. "Phazi langa mupite nalo kuti?"

A Namakhwa, kapitawo wa otchola, andikokera pambali. "Achimwene, ingogawani. Phazi lidzazolowera lokha."

Lachiwiri

Tatsegula mabokosi. Nsapato zansalu, zoyera mbee! Zoyera! Pa Thyolo pano, pamene dothi lofiira limalowa ndi m'makutu momwe. Anasankha mtunduwu ndani?

Dokotala anati kugawa kukhale kwa mwayi, popanda kukondera. Ndathira nyemba zoyera ndi zofiira m'chipewa, aliyense apise dzanja. Yoyera, nsapato. Yofiira, pepani.

Zimene zachitika:
- Otola zoyera akuti ndinaleredwa bwino.
- Otola zofiira akuti chipewacho ndachikhwimira.
- Mkulu wina wameza nyemba yake yofiira, akuti sanatolebe.
- Apongozi anga atola yofiira.

Apongozi anga! Mayi ake a mkazi wanga Estere, agogo ake a mwana wathu Joni, eni ake dothi limene ndinamangapo nyumba. Ine ndi iwo sitiyang'anana, sitilankhulana maso ndi maso, ndiwo ulemu wake. Ayang'ana nyembayo m'dzanja, atembenukira chitsamba cha tiyi n'kuyamba kuchilankhula: "Tiyi iwe, ukawauze abambo ake a Joni kuti nyemba yawo ndaiona."

Ndikudziuza kuti sayansi ilibe apongozi. Sizikundithandiza.

Lachitatu

Mamawa ndili kumunda, pensulo kukhutu. Ndikuwerama mzere uliwonse kuyang'ana pansi. Mapazi okhaokha! Zala, ming'alu, matope. Nsapato palibe ndi imodzi yomwe.

Ndadzutsa mutu. Mayo ine! Nsapato zili m'khosi. Alumikiza zingwe zake n'kuzikoleka ngati mikanda. Wina wazikulunga m'tsamba la nthochi, wazisenza pamutu. Wina waziika m'dengu pamwamba pa tiyi, ndipo kalaliki wa kusikelo wayezera kumodzi.

Ndikufotokoza kuti njoka zimalowera kuphazi, osati kukhosi. Onse akugwedeza mutu. "Zoona, adokotala, zoona." Palibe akuvala.

Mayi Nampinga, amene amatchola kuposa onse, andifunsa mwaulemu wonse: "Ndiye mukuti chinthu choyera chonchi ndipondetse mame ndi matope? Inu kwanu ndi kuti?"

Akuti nsapato munthu amanyamula panjira, amavala akafika. Ndafunsa kuti akafika kuti. Akuti kutchalitchi, kuukwati, kapena kubwalo la milandu. Nanga kumunda kuno simunafike? Aseka onse mpaka madengu kugwedezeka. "Kumunda munthu safika, adokotala. Amangopitako."

Ndakhala pachitsa, mutu uli waa. Zomba ikuoneka kutali.

Lachinayi

Dzulo ndinawaopseza kuti wosavala ndimulanda. Lero avala! Ndikuona zoyera pansi pa tiyi ndili kumsewu, mtima wakhala m'malo. Ndayandikira.

Imodzi imodzi!

Aliyense wa nyemba yoyera wavala phazi limodzi, inayo wapatsa mnzake wa nyemba yofiira. Akuti munthu sungavale ziwiri m'bale wako akuponda minga, anthu angadzakunene pamaliro. Ndipo phazi lovalalo alikulunga ndi masamba a nthochi kuti nsapato isade. Munda wonse ukutsimphina. Magulu anga awiri aja asanduka gulu limodzi, ndipo njoka zatsala ndi khomo limodzi pa munthu aliyense. Limodzi likukwanira.

Ndakalipa mpaka mawu kusasa. A Namakhwa akuti ndimwe madzi.

Kunyumba Estere sanandipatse moni. Ndavula nsapato zanga pakhonde, ndapita kukasamba. Pobwera, pakhonde pali mbee, nkhuku yokha.

"Amayi anatumiza mawu," akutero Estere osandiyang'ana. "Akuti phazi lawo ndi lanu n'zofanana."

Anayeza liti? Akuti dzulo, ndi kachingwe, pamene ndinaponda pabwalo mvula itagwa. Ha! Anthu onse aja amati ndikutapa mapazi, chikhalirecho wotapidwa ndine!

Ndikuti Estere, amayi ali m'gulu losavala. Akuti, "Inu muli m'gulu la akamwini."

Ndatuma mawu kwa mlamu wanga kuti andibwezere zakale zija. Akuti wapita nazo ku Changata kukafunsira mbeta.

Lachisanu

Kuntchito wopanda nsapato. Njira yachidule yodutsa kuseri kwa nyumba za antchito, matope okhaokha, ndipo ndikudziwa bwino lomwe zimene zimakhala m'matope amenewo. Odwala akungoyang'ana mapazi anga. Kuyang'ana kwawo kukuwawa kuposa kuseka.

Nkhani zimene zandipeza dzuwa lisanafike pamutu:
- Timu ya mpira ya kufakitale inabwereka nsapato zakumanja zokhazokha, akuti ndiwo mwendo womenyera. Anapambana. Akufuna zimenezo ndimuuze Dokotala.
- Aphunzitsi a pasukulu ya esiteti akudandaula kuti choko chatha. Anthu akupakira nsapato. Ana akulemba pansi ndi zala.
- A Namakhwa atsegula bizinesi!

Bizinesi yake: a mpingo wa Sabata abwereke mawa, enafe Lamulungu, malipiro ndi nthochi. Andifotokozera monyadira, nthochi ili mkamwa. "Nsapato imodzi ipemphera kawiri, achimwene. Mulungu sangadandaule."

Poweruka ndasonkhanitsa onse kusikelo. Ndagwada. Ine, mawondo pasimenti, pamaso pa apongozi amene atembenukira khoma! Ndikuti abale anga, mawa Dokotala akubwera. Chonde nsapato zioneke kumunda, ziwiriziwiri. Zomba yanga ili m'manja mwanu.

Mayi Nampinga agwidwa chisoni. "Musalire, adokotala. Mawa zioneka. Mzunguyo azionera patali."

Ndapuma. Anthu akwathu ndi a mtima wabwino ndithu.

Loweruka

Zaoneka.

Galimoto ikukwera chitunda, Dokotala akuyendetsa, ine ndili pambali pake, mapazi ndabisa pansi pa mpando. Akuimba kamluzu. Tikukhota pamitengo ya bulugamu. Waponda buleki, mutu wanga pagalasi gu!

Munda wonse nsapato pamwamba pa tiyi! Azichapa mbandakucha pokonzekera mawa, azipaka choko, aziyanika pazitsamba ziwiriziwiri monga ndinapempha, ngati akakowa atera. M'mizere anthu akutchola ndi mapazi awo amasiku onse, akutimwetulira. Zina palibe, zapita kukapemphera ndi a Sabata.

Ndinati zioneke. Sindinati muvale. Pakamwa pangapa!

Dokotala watsika, kamera ili m'manja, sakujambula. "Kodi palibe munthu amene wavala?"

Alipo. Mmodzi. Akutuluka mumzere pang'onopang'ono, dengu kumsana, kwichi, kwichi, nsapato zakuda zachikopa. Apongozi! Nkhope ya Dokotala yawala, akundifunsa gulu lawo. Ndayankha chapansipansi kuti nyemba yofiira, osavala.

Apongozi atembenukira chitsamba. "Tiyi iwe, umuuze mzunguyo kuti mkamwini wanga ndi waulemu."

Kenako Dokotala wayang'ana pansi. Mapazi anga, ofiira ndi dothi mpaka m'akakolo. Wayang'ana nthawi yaitali.

"Nanga iwe uli gulu liti?"

Ndabisa phazi lina kuseri kwa linzake.

Wakweza mabokosi opanda kanthu m'galimoto. Akuti kafukufuku akayambira esiteti ina. Za Zomba wangoti, "Tidzaona." Mawu amenewo ndimawadziwa. Ndi amene ndimauza odwala mankhwala akatha.

Lamulungu

Kutchalitchi ndachedwa dala kuti ndilowe mosaoneka. Ndapeza mpingo wonse uli panja. Akhala paudzu, akutsuka mapazi, akupukuta, akuvala. Afika. Amene ali ndi imodzi apeza mnzake wa inayo, agwirizana kuti wina avale mpaka nyimbo yachiwiri. Kenako akulowa mwaulemu, zoyera mbee, pasimenti yosesedwa bwino, malo okhawo pa Thyolo pamene njoka palibe.

Mkulu wa mpingo wandithokoza kutsogolo. Akuti chiyambire mpingo uno sanaonepo mapazi okongola chonchi. Anthu aomba m'manja. Mayi Nampinga andinong'oneza kuti mzunguyo akadzabweranso ndimukumbutse za masokosi.

Estere akuti ku Zomba n'kutali, Joni akanandisowa. Mwina n'zoona. Zikundiwawabe. Mabala a pa esiteti sanathe, mawa ndiyambiranso kutsuka.

Ulaliki uli mkati ndayamba kumva kuyabwa pakati pa zala za phazi lamanzere. Ndakanda ndi chidendene chinacho. Sikukusiya. Dokotala anati chizindikiro choyamba n'chomwechi. Kafukufuku wapeza munthu wake.

Potuluka, apongozi avula nsapato zanga pakhomo, azipukuta ndi nsonga ya nsalu yawo, azisenza pamutu. Podutsa pamtengo wa bulugamu awuuza kuti zikuwathina pang'ono, koma apirira. Ine ndikutsatira patali monga mwa ulemu, kuima n'kukanda, kuima n'kukanda. Nsapato za ku Zomba zili patsogolo panga, zikupita kumudzi.