Komiti ya Kunja ndi Bambo wa Jekete

Lolemba

Dzulo abusa andisankha kukhala wapampando wa Komiti ya Utumiki wa Kumaiko Akunja. Akuti kulikulu alamula kuti mpingo uliwonse ukhale nayo, izipempherera ndi kulimbikitsa alaliki amene ali kutali. Andisankha chifukwa ndimagwira ku positi. "Maiko mumawadziwa inu," atero abusa. Ndimadziwa masitampa ake basi.

Ndavomera asanamalize n'kulankhula komwe. Chibwerereni kuno ku Mangochi, madzulo anga ndi ine, wailesi, ndi nalimata wa pakhoma. Mai a Chikondi akadali ku Dedza ndi ana, akuti kutentha kwa kuno sangakuthe. Komiti ndi anthu, ndipo anthu amacheza.

Tilipo anayi: a Gondwe aphunzitsi, Sajeni Mbewe, Mai Kalonga anamwino, ndi ine. Tizikumana madzulo alionse sabata ino m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Ndagula masamba a tiyi, shuga ndi masikono.

Lachiwiri

A Gondwe abwereka mapu a dziko lonse kusukulu kwawo. Chiswe chinadya Indiya yense ndi theka la China. Kumeneko sitiyambirako.

Mai Kalonga afika ndi tsache ndi khasu. Anangomva zoti "utumiki wa kunja", iwo n'kumayesa kuti n'kusesa pabwalo ndi kulambula njira ya kuchimbudzi. Ndawafotokozera bwinobwino.

"Ndiye kuti tikwera ndege?"

Ayi. Tizipemphera ndi kulemba makalata.

Ayang'ana tsache lawo kwa kanthawi, kenaka atuluka kukasesabe.

Sajeni sanabwere. M'malo mwake mwalowa bambo wina wachilendo, atavala jekete pa kutentha konseku. Dzina lawo a Matewere. Akuti angosamukira kumene, ndipo nkhani za kunja zili pamtima pawo. Adya masikono awiri. Komiti ikukula!

Lachitatu

Sajeni amutumiza ku Chiponde, kumalire. Uthenga wabwera ndi mkazi wake. Tinganene kuti komiti yathu yatumiza munthu wake woyamba kufupi ndi dziko lakunja, ngakhale wapita ndi mfuti.

A Matewere ndi munthu wachidwi. Mafunso awo ndi akuya. Maiko ake ati? Makalata azipita kwa yani? Anayambitsa ganizoli ndani? Chilichonse chimene ndayankha akumachilemba. Chibadwire changa palibe amene analembapo mau anga. Ndalankhula mpaka kukhosi kuuma: za masitampa, za alaliki, za ubwana wanga, za mwendo wanga wamanzere.

A Gondwe amangoyang'ana kuchitseko. Thukuta lokhalokha. Tiyi amusiya osamwa, akuti m'mimba.

Lachinayi

A Gondwe abwera ku positi m'mawa, agula sitampa opanda kalata yoti atumize. Akuwerama pa kauntala, akunong'ona.

"Jekete ija simukuidziwa? Ndi apolisi aja osavala yunifolomu. Komiti yolemberana ndi maiko akunja, masiku ano? Ine ndili ndi ana. Ndatuluka. Mapu mubweze."

Tsiku lonse ndikubwereza m'mutu zimene ndinalankhula dzulo. Ndinati dziko lathu ndi laling'ono pa mapu. Ndinati masitampa a ku Tanzania ndi okongola. Ndinanena kawiri. Mayo ine.

Khadi ya chipani ili m'thumba la shati, ndaigwira mwina kakhumi. Kujomba kumsonkhano kungaoneke ngati ndikuthawa, ndiye ndapita. Ndapeza a Matewere atakhala kale, atayala mipando inayi. Ndatsegula ndi pemphero lopempherera atsogoleri athu, kuyambira pamwamba penipeni mpaka wapampando wa nthambi, tiyi mpaka kuzizira. Ameni wawo anali wamphamvu.

Kenaka atseka kabuku kawo. Afunsa ngati kachewere wa ku Dedza akadali wokoma. Kwawo ndi ku Ntcheu. Akazi awo nawonso anakana kubwera. Takamba za chifunga cha m'mawa, za mapichesi, za kugona ndi mabulangete awiri. Ndaseka. Ndinali nditaiwala kamvekedwe ka kuseka kwanga.

Lachisanu

Mai Kalonga atuluka mu komiti. Ayambitsa gulu lawo losesa, ndipo amai adzaza kale pabwalo, akuimba.

Abusa apita ku maliro ku Nkhudzi mwadzidzidzi. Wamwalira ndani, palibe akudziwa.

Kuntchito anzanga akumasiya nkhani ndikalowa. Eni nyumba anga, che Saidi, andiimitsa pakhomo mwaulemu wonse. "Bwana, sikuti ndikufunirani zoipa. Koma akakutengani, katundu wanuyu tidzapereke kwa yani?" Ndawauza kuti wailesi adzatenge iwowo. Athokoza.

Msonkhano: anthu awiri. Nkhani: tiyambe kupempherera dziko liti? Ndati Mozambiki. A Matewere apukusa mutu pang'onopang'ono. Ndati Zambia. Ayang'ana kudenga. Tagwirizana kuti tizipempherera maiko onse amene boma likugwirizana nawo, osatchula maina, Mulungu akuwadziwa.

Atulutsa zitumbuwa m'thumba la jekete, zokulunga m'nyuzi. Tasewera bawo. Amabera, koma ndani angawauze?

Loweruka

Lero a Matewere avula jekete n'kuikoleka pa mpando. Shati yawo ili ndi chigamba pa phewa, chosokedwa ndi ulusi wa mtundu wina. Anasoka okha, zikuoneka.

"Achimwene," atero, "ndawauza akuluakulu kuti kuno kulibe kanthu. Gonani tulo."

Ndikuyenera kusangalala. Ndasangalaladi. Koma mau oti kulibe kanthu andilasa. Masiku onsewa, mapemphero onse aja, kulibe kanthu?

Ndafunsa ngati Lolemba abwera.

"Andituma kwina. Ku Makokola kuli kwaya ya anyamata a pa hotela, akuti nyimbo zawo zina sizikumveka bwino."

Andigwira dzanja nthawi yaitali. Akuti mwendo wangawo ndikaonetse kuchipatala, ndisazengereze. Masikono otsala ndawakulungira a pa njira.

Ndatsuka makapu. Ndapinda mapu.

Lamulungu

Abusa abwerako ku maliro ali onenepa. Pa zolengeza ati Komiti ya Kunja yayamba ntchito mwamphamvu, ndipo mamembala ake aimirire kuti mpingo uwaone. Ndaimirira. Ndayang'ana kumanja, kumanzere. A Gondwe akufufuza vesi m'Baibulo mwakhama. Anthu aomba m'manja mopepuka, ngati akuopa kudzutsa mwana. Benchi yanga yonse ndinali ndekha, mpweya wokwanira.

Potuluka abusa andisisita pa phewa. "Pitirizani, a wapampando." Sanandiyang'ane kumaso.

Masana ndalembera mai a Chikondi. Ndangoti ndili bwino, kuno kukutentha, ntchito ya Mulungu ikuyenda.

Ndinaganiza zolengeza kuti sabata yamawa komiti ikambirana za ku Russia. A Matewere angabwerenso msangamsanga, mwina ndi anzawo. Koma nanenso ndili ndi ana.

Ndafunsa che Saidi za basi ya ku Makokola. Akuti imanyamuka m'mawa, ikadzadza. Kuimba besi mu kwaya ndimatha pang'ono.