Pepani Bwana, Filimu Yanu Ndinaimaliza Ndekha

Kwa Bwana Wamkulu,
Kampani Yopanga Mafilimu ya Dzuwa Sililowa.

Wolemekezeka Bwana,

Ndiyambe ndi kupepesa kuti munthu wopanda dzina ngati ine ndikukudyerani nthawi. Ndikudziwa kuti muli ndi mphoto zambiri zofunika kupukuta fumbi. Ine ndine telala chabe. Ndimafupikitsa mathalauza, kuika zipi ndi kukulitsa madiresi a anthu amene amakana kuti anenepa, m'kachipinda kena kuseri kwa sitolo ya nsapato. Sukulu ya mafilimu sindinaipondeko. Umboni wanga ndi mipando iwiri ya mzere wachitatu m'holo ya kanema, imene ine ndi bambo anga timakhalapo Loweruka lililonse masana.

Bambo angawo anali wolemba zikwangwani. Kwa zaka makumi atatu ndiwo ankajambula ndi penti zithunzi zoitanira anthu pakhomo la holo yomweyi, makina osindikiza asanawalande ntchito. Miyezi isanu ndi iwiri yapitayo adokotala anatiuza kuti maso awo akuzima pang'onopang'ono, ndipo palibe mankhwala kapena opaleshoni imene ingathandize. Anati mwina atsala ndi chaka chimodzi asanasiyiretu kuona. Nditawafunsa chimene akufuna kuona nthawi isanathe, ndinkayembekeza kuti atchula adzukulu kapena ulendo. Iwo anati kanema. N'chifukwa chake ndimatseka shopu Loweruka masana, tsiku limene makasitomala amachuluka, n'kupita nawo kukatsuka m'maso ndi zimene mwatikonzera. Ndiye lolani ndikuthokozeni mwadongosolo.

Choyamba, zikomo chifukwa cha mdima.

Filimu yanu ija ya mafumu awiri olimbirana mpando munaijambula mu mdima wa ndiweyani. Ndikukhulupirira kuti munali akavalo, chifukwa tinkawamva. Patatha mphindi makumi awiri, bambo anandigwira dzanja mwamphamvu n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwanangu, zija zachitika. Ndiperekeze kunja." Bwana, mtima wanga unasweka. Ndinawadzutsa, tinaponda mapazi a mzere wonse, ine misozi ili chuchuchu, ndikuganiza zoti ndiimbire ndani poyamba. Titafika m'khonde, anaima, anaphethira kawiri, n'kunena kuti, "Koma makina a mbuliwuli ndikuwaona. Ndi ofiira." Mayi wong'amba matikiti anaseka mpaka kugwira khoma. Anati sabata imeneyo tinali achinayi, ndipo bambo wina anapukuta magalasi ake mpaka galasi limodzi linaguluka.

Ndakhala ndikuganiza, ndipo ndaona kuti munachita mwachifundo. Munawapatsa bambo mwayi woyeserera tsiku limene tikuliopa. Munabweretsanso chilungamo, pakuti anthu mazana awiri a maso abwinobwino anaona zofanana ndendende ndi nkhalamba yodwala maso. Olemba m'nyuzipepala akuti limenelo ndi luso lozama. Bambo akuti mukanawapatsa ntchito yojambula chikwangwani chake, akanangogula chitini chimodzi cha penti yakuda n'kuweruka isanakwane teni.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha manong'onong'o.

Sindikudziwa amene anauza osewera anu kuti m'nyumba muli khanda logona. Munthu akuuza mkazi wake kuti dziko likutha mawa, koma akulankhulira m'kolala ya jekete. Ukangotchera khutu kuti umve, nyumba yosanja iphulika, mbuliwuli n'kumwazika pamiyendo. Popeza bambo saona bwino nkhope, ntchito yanga ndi kuwanong'oneza amene walowa, amene watuluka ndi amene wamenyedwa. Kumbuyo kwathu kumakhala bambo wina wadazi amene tinam'patsa dzina loti a Shii, chifukwa kwa miyezi itatu mawu okhawo ndi amene tinawamva kuchokera pakamwa pake. Ndikangotsegula pakamwa, iye shii. Bambo akatsokomola, iye shii.

Kenako munatulutsa filimu ija ya kazitape, imene imayambira kumapeto, kupita pakati, kubwerera ku ubwana wa munthu wina amene sitinamudziwe, n'kudzathera Lachiwiri lapitalo. Ili mkati ndinamva mpweya wofunda pakhosi panga. Anali a Shii, ataweramira kutsogolo. Anandifunsa mwaulemu kuti, "Pepani mayi, kodi ameneyu si uja anafa poyamba paja?" Ndinatembenuka pang'onopang'ono n'kuwauza kuti shii. Chaka chonsechi sindinamvepo kukoma ngati tsiku limenelo, ndipo ulemu wonse upite kwa inu. Zoona zake n'zakuti nanenso sindinkadziwa.

Chachitatu, zikomo potibwezera zakale.

Pantchito yanga anthu amabwera ndi jekete lakale kuti ndilitembenuze, zakunja zipite mkati. Ndimachita, koma sindiuza mwini wake kuti ndi latsopano. Inu mwatiposa. Munatenga filimu ya dalaivala wa lole wonyamula mankhwala kudutsa m'mapiri, imene bambo anajambula chikwangwani chake ine ndisanabadwe, n'kuitembenuza. Tsopano loleyo imauluka. Mankhwalawo asanduka mwala wobiriwira umene ukagwa pansi dziko litha. Dalaivala ndi wosewera yemwe uja, amene panopa ayenera kuti ali ndi zidzukulutudzi, koma munam'sita nkhope ndi kompyuta mpaka makwinya onse anatha. Ine ndimasita tsiku ndi tsiku, ndipo ndikudziwa nsalu imene yapsa ndi simbi ikamanyezimira. Mawondo okha ndiwo munaiwala. Nkhope inali ya mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zisanu, koma atayamba kuthamangitsa chigawenga, bambo anamuzindikira msanga kuposa tonse. Anati, "Ameneyo ndi mnzanga wa nyamakazi. Musiyeni akhale pansi."

Ndifunseko pang'ono za osoka anu, monga mnzawo pantchito. Ngwazi zanu zimavala zothina ngati chubu cha njinga, zopanda thumba, zopanda zipi, zopanda batani. Zimaponyedwa m'makoma, zimagwa kuchokera kumitambo, msoko osamasuka ngakhale umodzi. Kwa ine kuno munthu akangowerama kutola kiyi, Lolemba ali pakhomo ndi thalauza m'pepala. Ulusi umenewo mumagula kuti? Ndipo anthu amenewa akafuna kutaya madzi amatani?

Chachinayi chikuchokera pomwepo. Zikomo chifukwa cha kutalika kwa mafilimu anu. Munthu wa zaka makumi asanu ndi atatu sakhala maola atatu ndi theka osadzuka. Timatuluka kawiri, nthawi zina katatu, kuyenda pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa khonde, kudikira, kusamba m'manja, kubwerera. Tikamakhala pansi timapeza anthu awiri omwe aja akumenyanabe padenga lomwe lija. Palibe chimene timaphonya. Si kampani iliyonse imene imaganizira chikhodzodzo cha okalamba chonchi.

Chachisanu ndi chimene ndalembera kalatayi.

Mwezi wathawu munalakwitsa, munatulutsa filimu yabwino. Ndikunena ija ya bambo wokalamba, wopuma ntchito ya njanji, amene akuyenda pansi kukafuna mwana wake wamkazi yemwe anam'thamangitsa pakhomo zaka makumi awiri zapitazo. Sindikudziwa amene anaiwala kuzimitsa magetsi tsiku limenelo, koma musamuchotse ntchito. Munali dzuwa. Munali minda yachikasu, malaya oyera pachingwe, basi yobiriwira yodzaza fumbi. Anthu ankalankhula ngati anthu. Bambo anakhala tsonga, n'kumatchula mitundu mokweza ngati mwana wa sukulu, ndipo a Shii anawalekerera. Kwa maola awiri sanapemphe zotuluka, ndipo sindinawanong'oneze chilichonse, chifukwa ankaona okha. Ine filimuyo ndinaionera theka, theka linalo ndinkayang'ana nkhope yawo.

Mukudziwa mmene munaithetsera. Nkhalamba ija yafika pa nyumba ya chitseko chabuluu. Yavula chipewa. Yagogoda. Mkati mukumveka mapazi. Chogwirira chitseko chayamba kutembenuka. Basi, chinsalu chonse bii, n'kutuluka timalemba ting'onoting'ono toyera tonena kuti gawo lachiwiri lidzabwera pakatha zaka ziwiri.

Timalemba timeneto bambo sakanatha kutiwerenga. Anandikoka mkono n'kufunsa kuti, "Kwalembedwa chiyani pamenepo?" Bwana, zaka ziwiri inu mumaziona ngati mawa. Ine ndinali nditawerengera kale miyezi imene adokotala anatipatsa, ndipo sikufika ngakhale theka la pamenepo. Ndinawauza kuti, "Kwalembedwa kuti mwana uja anatsegula, anawalandira bambo akewo, ndipo anakhala limodzi." Anthu oyandikana nafe anatembenuka kundiyang'ana. Ndinkadikira kuti wina andiyalutse. Amene analankhula anali a Shii. Anagwira phewa la bambo n'kunena kuti, "Ndi momwemo, achikulire. Nanenso ndawerenga choncho."

Ndinawanamiza bambo anga, ndipo sindikunyadira. Koma bwerani mudzaone zimene bodzalo lachita. Tsiku lotsatira anatulutsa maburashi amene anakhala m'katoni zaka khumi ndi zisanu. Anapempha chidutswa cha thabwa kwa mwini sitolo ya nsapato, anakhala pakhomo la shopu yanga pamene pamafika dzuwa, mphuno itatsala pang'ono kukhudza penti, n'kujambula kwa masiku asanu ndi limodzi. Anajambula chitseko chabuluu chili chotsegula, mkazi ataima pakhomo, nkhalamba chipewa chili m'manja. Mizere ina ndi yokhota, ndipo dzanja limodzi la mkaziyo lili ndi zala zinayi. Anandiuza okha kuti chimenechi n'chomaliza. Ndachipachika pamwamba pa makina anga osokera. Tsopano kasitomala aliyense wobwera kudzayeza diresi amayamba wamva filimu yonse, mpaka mapeto ake. Amene anaionera ndimawatuzulira maso, mapini ali kukamwa, mpaka avomere. Mayi wina anayamba kunena kuti, "Koma inetu ndinamva kuti..." ndipo pini inam'baya mwangozi m'chiuno.

Ndiye sabata yatha ndinawerenga pafoni zimene munauza atolankhani. Mwati mu gawo lachiwiri anthu adzadabwa. Mwati wotsegula chitseko si mwana uja ayi, mwana uja anamwalira kalekale, m'nyumbamo mukukhala gulu la zigawenga, ndipo nkhalambayo idzapezeka kuti kale inali msilikali woopsa. Mwati padzakhala gawo lachitatu. Ndinawerenga kawiri, ndinazimitsa foni, ndipo ndinasoka mkono wa malaya a munthu mozondoka. Ndinakwiya, Bwana, ndipo ndikadali wokwiya. Munali ndi chinthu chimodzi chokongola m'manja mwanu, ndipo mukufuna kuchiphulitsa monga mumaphulitsira china chilichonse.

Gawo lachiwirilo likadzafika, bambo sadzaliona. Koma makutu awo ndi akuthwa kuposa anga. Adzamva pawailesi, adzamva kwa makasitomala, adzamva kwa ana odutsa pamsewu akusewera za nkhalamba ya mfuti. Adzandifunsa, ali mu mdima, chifukwa chimene ndinawanamizira pa chinthu chomaliza chimene anachiona bwino. Sindikudziwa chimene ndidzawayankhe.

Choncho ndikugwada, monga mwa udindo wanga wa munthu wamba wogula matikiti awiri, ndi pempho limodzi lokha. Mapeto ndakulemberani kale, ndipo sindikufuna dzina langa pachinsalu. Chitsekocho chitseguke, mwanayo akhale wamoyo, bambo akewo alowe. Sizifuna kompyuta, sizifuna bomba, mphindi zisanu zakwana. Ndikudziwa kuti kwa kampani yaikulu ngati yanu, kumaliza nkhani ndi chinthu chochititsa manyazi, ndipo mwina ndikupempha zopitirira msinkhu wanga.

Ngati zimenezi n'zosatheka, musavutike kusintha kalikonse. Ingochitani zimene mumachita bwino kale, chedwetsani. Zaka ziwirizo zikhale zinayi, kapena zisanu. Bambo anga ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndi chimodzi, ndipo mtima wawo nawonso adokotala sakuukhulupirira kwenikweni. Sitikudikiritsani nthawi yaitali, Bwana. Mukadzamva kuti mpando umodzi wa mzere wachitatu ulibe munthu, pamenepo tulutsani zigawenga zanuzo.

Ndine wanu wogonjera, amene adzabwerabe Loweruka likudzali,

Telala,
mwana wa wolemba zikwangwani.