Munga Wachinayi wa Makumba

Usiku wathawu ndinalota zoti mpaka pano mtima ukundiwawa, ndiye Twaibu ndi iwe Lameki, tasiyani bawoyo mumve.

Dzuwa lili pamutu, ndili pa nyanja ya Malombe, ndikuwonjola nsomba mu ukonde wanga uja ndinachita kuluka ndekha miyezi itatu. Makumba okhaokha. Bwato likundilangiza kuti mmphawi sapalasa atakweza mutu, ine n'kulikalipira kuti litseke pakamwa lingalowe madzi. Mwadzidzidzi nyanja yasanduka bwalo la milandu, mabenchi ali yandayanda, pampando pakhala a Matewere oyendera asodzi, malaya oyera mbee.

Akuti ndapha kasawala, ana a chambo oletsedwa aja, ndiye ukonde uwotchedwe lero lomwe. Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti sukulu ndinalekezera panjira, koma nsomba ndimaidziwa: pa chipsepse chapansi, chakumchira, chambo chili ndi minga itatu, makumba inayi. Awerenge okha.

Nsomba imodzi inadzuka m'dengu, n'kutsokomola.

"Bwana, ndine makumba ine, mayi anga makumba, ndipo ndili ndi adzukulu kuseri kwa bangoko. Ukasawala ndiuyambe lero?"

A Matewere anati umboni wa nsomba sulandiridwa popanda kalata. Ndiye akutsegula chibuku cha zithunzi, chozondoka, mpasa akuutcha mlamba, ncheni akuitcha kampango, nsomba zam'bukumo zikutukwana kuti kampango wopanda ndevu anamuona kuti. Ndikuwayang'anitsitsa, ndevu zikuwamera cham'mbali, malaya akusanduka ubweya wonyowa. Katumbu, amangwetu. Yemwe uja amatidyera nsomba m'maukonde n'kutisiyira mitu, lero wavala tayi. Alembi ake asanduka ang'azi, akunyambita chidindo.

Mwadzidzidzi padutsa boti la injini, mabwana a m'tauni ndi mbedza zawo zopukusa, atadzaza kasawala weniweni mpaka m'zipewa. Ndinaloza, ndikukuwa kuti akubawo ndi awo. Katumbu anawaombera m'manja n'kundiuza kuti aja sakusodza, akusewera, ndipo nsomba yogwidwa posewera siifa.

Ndiye anatola nsomba yanga ija n'kuyamba kuwerenga minga ndi chikhadabo. Umodzi, iwiri, itatu. Pa wachinayi anaima. Anandiyang'ana, n'kuuluma, thyo, n'kuyamba kutokosera m'mano.

"Itatu, mphwanga. Kasawala."

Ndinafuna kumuswa mutu ndi nkhafi, koma nkhafi inakakamira pabwato, ikuti ili ndi banja, siifuna milandu. Anthu pamabenchi onse aona, koma aliyense akuyang'ana zala zake. Ndiye ang'azi akukoka ukonde wanga, akuuunjika pamwamba pa madzi, madziwo n'kuyaka ngati palafini. Ukonde ukundiitana, ukuti achimwene, mfundo iliyonseyi munamanga ndinu, mawa mudya chiyani mukandisiya. Ndinalumphira m'motomo. Ndikukoka, iwo akukoka, ulusi ukuthetheka m'manja mwangamu, ine ndikungokuwa kuti inayi, inali inayi, wina anene kuti inali inayi.

Moto wokha, the, the, the.

Ndinadzidzimuka nditakumbatira neti ya udzudzu, nditaing'amba pakati mpaka pansi. Kuthetheka kuja sikunaleke: anali mlongo wanga Asiyatu, akukazinga chimanga m'phale pakhonde.